TIYI WA MASANA: CISANGALALO CISATHERE KU CIPATALA

Pa Ciweru masana, m'makomboni monga Kapata ndi Mchini ku Chipata, si cacilendo kuona azimai a cilimba kapena a bungwe la ku chalichi atasonkhana pa nyumba ya mnzao. Ketulo iri pa mbaula, pa thebulo pali masikono, zitumbuwa, cikondamoyo ndi ndowa ya thobwa. Ndi mwambo wabwino, ndipo zophika pa nyumba zimapulumutsa ndalama. Koma ukhondo ukasowa, tsiku lotsatira alendo omwewo amakumananso pa mzere ku kiliniki.

Kawirikawiri tiyi sakhala ndi mlandu cifukwa madzi ace amawira. Bvuto limabisala mu zakumwa zozizira. Thobwa amaphika bwinobwino, koma likalimba ena amalisungunula ndi madzi osawiritsa a m'citsime. Comweconso ndi zakumwa zosungunula za ana. Umu ndi momwe tizirombo ta kolera ndi taifodi timalowera. Mliri wa kolera womwe unayamba mu October 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'Zambia muno ndi kupha oposa 700, mpaka bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Motero madzi onse osungunulira ayenera kubwata kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena kuthiridwa klorini monga mwa malangizo a pa botolo ndi kudikira mphindi 30.

Caciwiri ndi manja. Kusamba anthu khumi m'beseni imodzi ndi kugawana litsiro. Mlendo aliyense athiriridwe madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo. Thobwa litungidwe ndi cikho cimodzi ca cogwirira cacitali, osati aliyense kumiza kapu yace m'ndowa.

Mai yemwe ali ndi cironda ca mafinya pa cala, kapena akutsegula m'mimba, asakonze cakudya ca alendo. Tizirombo ta pa cironda tikalowa mu keke ya kirimu kapena masangweji a mazira timapanga poizoni yemwe safa ngakhale cakudyaco citatenthetsedwanso. Wodya amayamba kusanza pasanathe maola ocepa. Zakudya zotere zisakhale pa thebulo kupitirira maola awiri, makamaka m'nyengo yotentha. Pomwe palibe firiji, mbatata yophika, cinangwa, nshawa zokazinga ndi nthoci ndizo zosabvuta, malinga zabvundikiridwa kuti nchenche zisaterepo. Nshawa za nkhungu zitayidwe pakuti zimaononga ciwindi.

Cacitatu ndi shuga. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, kapena kuti masipuni ang'ono 12. Makapu awiri a tiyi a masipuni anai-anai atenga kale 8, thobwa ndi keke zisanawerengedwe. Pakati pa alendo sipalephera wodwala shuga kapena BP, ndipo ambiri amacita manyazi kukana. Mwini nyumba wanzeru sathira shuga mu ketulo. Amamuika m'mbale pambali kuti yense adzithirire, ndipo sakakamiza mlendo kuonjezera.

Azimai apakati ndi osowa magazi adziwe kuti tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'cakudya. Asamwere tiyi mapiritsi oonjezera magazi, ndipo papite ola limodzi atadya asanamwe tiyi. Ana ang'ono nawo asayandikire mbaula ndi ketulo, cifukwa ambiri amapsa akulu ali pakati pa nkhani.

Wina akayamba kutsegula m'mimba pambuyo pa phwando, ayambe pomwepo kumwa ORS. Ngati mapaketi palibe, asungunule masipuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Cimbudzi cikakhala ca madzi ngati otsukira mpunga, kapena muli magazi, kapena ngati odwala ndi angapo omwe anadyera pamodzi, apite ku kiliniki tsiku lomwelo osadikira kuti kuce.