LUSAKA WAKULA, MISEU YACEPA: KODI MANKHWALA ACE NDI SITIMA KAPENA MABASI?

Munthu wocokera ku Chipata akakwera basi m'mamawa amayenda makilomita pafupifupi 570, kupyola Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, naoloka ulalo wa Luangwa, ndipo njira yonseyo basi imathamanga bwino. Koma ikangolowa mu Lusaka imayamba kukwawa ngati kamba, ndipo kamtunda kotsala kukafika pa sitesheni ya Intercity kamalemetsa mtima koposa mapiri onse a m'njira. Mlendo amaona bvuto limeneli tsiku limodzi. Ana ndi adzukulu ace okhala ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero kapena ku Mtendere amaliona m'mawa ndi madzulo, caka cathunthu.

Cifukwa ca ici pali mtsutso umene wakhala zaka zambiri pakati pa akulu a Boma, a khonsolo ya mzinda, eni mabasi ndi anthu wamba. Funso lace ndi ili: kodi dziko litaye ndalama zambiri pokonza njira yonyamulira anthu ambirimbiri pa nthawi imodzi, monga sitima ya m'tauni kapena mabasi akuluakulu oyenda m'mseu waowao, kapena ndalamazo zipite ku nchito zina? Nkhaniyi ikuoneka ngati ya anthu a m'tauni okha, koma mlimi wa ku Lundazi ndi msodzi wa ku Luangwa ali nalo gawo, pakuti msonkho ndi nkhongole za dziko sizisankha wa m'tauni kapena wa kumudzi.

MUDZI UNASANDUKA MZINDA

Lusaka anayamba m'caka ca 1905 ngati poima sitima, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Mu 1935 Boma la atsamunda linasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kubwera kuno. Amene anajambula mzindawo anaganizira anthu owerengeka okhala m'nyumba za mabwalo akulu, ndipo anchito acikuda anawaika kutali, m'malo monga Chilenje ndi Matero. Njanji inadula mzinda pakati: masitolo a mu Cairo Road ndi mafakitale ali kumadzulo kwace, maofesi a Boma ali kum'mawa.

Mu 1963, ufulu uli pafupi, mu Lusaka munali anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1980 anali atapitirira 500,000, mu 2010 anakwana 1.7 miliyoni, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, osawerengera a ku Chongwe, Chilanga ndi Kafue amene ambiri a iwo amagwira nchito m'tauni. Koma miseu ikuluikulu yolowera pakati pa mzinda ikali yomwe ija: Great East Road, Great North Road, Kafue Road ndi Mumbwa Road. Zili ngati khola limene linamangidwira ng'ombe khumi, lero muli ng'ombe mazana awiri, koma cipata cikali cimodzi.

MASIKU A UBZ NDI SITIMA YA NJANJI

Akuluakulu akukumbukira kuti Zambia anayesapo kale kunyamula anthu ndi mabasi a Boma. Pambuyo pa kusintha kwa cuma kumene Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi mu 1968, Boma linatenga kampani ya Central African Road Services, ndipo m'menemo munabadwa United Bus Company of Zambia, imene aliyense anaidziwa ndi dzina lakuti UBZ. Mabasi ace anali kuyenda m'tauni ndi kumidzi komwe, ndipo mtengo wace unali woikidwa ndi Boma. Koma mtengo wa kopa utagwa m'zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zogulira zitsulo ndi matayala zinasowa. Mabasi anayamba kufa mmodzimmodzi, anthu nagona pa masitesheni kudikira, ndipo mu 1995 kampaniyo inatsekedwa.

Mu 1991 kunayambanso sitima ya m'tauni yochedwa Njanji Commuter, imene inali kuyenda makilomita 13.5 pakati pa Chilenje ndi George, kupyola pafupi ndi pakati pa tauni. Anchito ndi amayi a malonda anaikonda cifukwa inali yochipa. Koma zaka za m'ma 1990 zisanathe inaleka kuyenda. Pambuyo pace zitsulo zinazulidwa, ndipo m'malo ambiri m'mene munali kupita sitima anthu anamangamo nyumba ndi timasitolo.

Malo a UBZ anatengedwa ndi maminibasi a anthu paokha, makamaka Boma litacotsa msonkho pa mabasi olowa m'dziko m'zaka zomwezo. Maminibasi anapulumutsa mzinda, ndipo adyetsa mabanja zikwizikwi a madalaivala, makondakitala, amakanika ndi anyamata oitanira anthu. Komabe kayendedwe kao kali ndi zilema zodziwika. Minibasi siinyamuka isanadzale. Pafupifupi onse amathera pakati pa tauni, pa Kulima Tower, City Market, Lumumba kapena Millennium, kotero kuti munthu wocoka ku Chelston kupita ku Chilenje amakwera kawiri ndi kulipira kawiri. Ndipo popeza dalaivala ayenera kupereka ndalama yoikika kwa mwini basi tsiku ndi tsiku, amathamangitsana ndi anzace ndi kuima paliponse pamene waona dzanja. Amene alibe ya basi, ndipo ndi ambiri, amayenda pansi maola awiri kapena atatu pa tsiku.

AMENE AKUTI NCHITO IYAMBE

A mbali yoyamba akuti kuonjezera miseu kwayesedwa ndipo sikunacize nthenda. Mu 2018 kunayamba nchito yocepetsa kuthinana kwa magalimoto mu Lusaka, ya ndalama zokwana madola 289 miliyoni a ku America, zambiri mwa izo zokongola ku India. Miseu inakulitsidwa, ndipo kunamangidwa maulalo opita pamwamba pa miseu inzace ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Mayendedwe anapepukako, koma magalimoto akubwerabe caka ndi caka, ndipo mseu waukulu umakopa magalimoto monga dambo lobiriwira likopa ng'ombe.

Iwo akuwerengera motere. Galimoto yaing'ono nthawi zambiri imanyamula munthu mmodzi kapena awiri. Minibasi yaing'ono imanyamula anthu osakwana 20, ndipo ya Rosa pafupifupi 30. Basi yaitali yolumikiza pakati imanyamula oposa 100. Ikapatsidwa mpata wacewace mu mseu, umene galimoto ina siloledwa kulowamo, siimanso pa mzera, ndipo wanchito angathe kudziwa nthawi imene adzafika. Akuchulanso za mafuta. Zambia alibe zitsime za mafuta. Onse amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ena nabwera m'paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Mafuta amene amapsa galimoto itaima pa mzera ndi ndalama zimene zikanagula mankhwala kapena feteleza.

Citsanzo cimene amakonda kupereka ndi ca Dar es Salaam, kwa anansi a ku Tanzania. Kumeneko mu 2016 anatsegula mseu wa mabasi okhaokha wocokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni, wa makilomita 21 pamodzi ndi nthambi zace, ndi thandizo la World Bank. Eni dziko anaucha mwendokasi, ndiko kuti kuyenda mofulumira, pakuti ulendo umene unali kudya maola unafupika kwambiri.

AMENE AKUTI DIKIRANI

A mbali yaciwiri sakana kuti Lusaka wathina, koma akufunsa kuti ndalama zicokera kuti. Mu Novembala 2020 Zambia analephera kulipira cigawo ca nkhongole zace zakunja, ndipo panapita zaka akukambirana ndi okongoza kuti amupepukitsire katundu. Dziko limene lapsa cala tere, iwo akutero, siliyenera kuthamangiranso kumoto.

Akukumbutsanso kuti anthu oposa theka la dziko lino akukhala kumidzi. Kumeneko kuli miseu imene imaduka mvula ikagwa, mayi wodwala nanyamulidwa pa ngolo kupita ku cipatala, cimanga ndi nshawa nizikhala m'nkhokwe cifukwa lole yalephera kuoloka mtsinje. Ndalama zomangira kilomita imodzi ya njanji ya m'tauni zingathe kukonza makilomita ambiri a miseu ya dothi ndi timaulalo tace. Ena akuonjeza kuti kukometsa Lusaka ndiko kuitana anyamata ambiri kuti asiye makasu, pamene cofunika ndi kukweza Chipata, Petauke ndi matauni ena kuti nchito zipezeke pafupi ndi kwao.

Naonso ali ndi citsanzo cao. Mzinda wa Addis Ababa ku Ethiopia unatsegula sitima ya magetsi ya m'tauni mu 2015, ya makilomita oposa 30, imene inadya madola 475 miliyoni, ambiri okongola ku China. Pa tsiku lotsegulira inali yonyaditsa Africa yense. Patapita zaka zowerengeka, sitima zambiri zinali zitaima cifukwa cosowa zitsulo zosinthira, koma nkhongole inali kufunabe kulipidwa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo sitima ya magetsi ifuna magetsi osaduka. Amene anaona cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo nyumba zinakhala mu mdima maola ambiri pa tsiku, akudziwa kulemera kwa mau amenewa. Ngakhale ku Dar es Salaam komweko, mabasi atayamba kuonongeka anacepa, ndipo anthu anadzazana pa masitesheni monga kale.

Pali gulu linanso limene lili ndi mantha ace, ndilo la eni maminibasi ndi anchito ao. Basi imodzi yaikulu ikalowa m'malo a maminibasi asanu kapena asanu ndi limodzi, kodi madalaivala ndi makondakitala otsalawo adzadya ciani?

PAMENE MBALI ZIWIRI ZIKUMANA

Munthu akamvetsera bwino aona kuti mbali ziwirizi zikuloza cinthu cimodzi. UBZ siinafe cifukwa anthu anakana kukwera. Sitima ya Njanji siinaime cifukwa cosowa okwera, ndipo ya ku Addis Ababa cimodzimodzi. Kugula kunatheka, cimene cinabvuta ndi kusunga. Mlimi aliyense akudziwa kuti kugula ng'ombe ndi pulawo ndi nchito ya tsiku limodzi, koma kudyetsa, kusambitsa ku dibi ndi kunola khasu la pulawo ndi nchito ya masiku onse. Cotero funso loyamba si lakuti sitima kapena basi, koma lakuti cimene cigulidwe cidzasamalidwa ndi ndalama ziti, ndi amisiri ati, kwa zaka 20 kapena 30.

Poyesa ndi muyeso umenewu, mabasi oyenda mu mpata waowao akuoneka opepuka koposa sitima. Mtengo wace ndi wocepa kwambiri, amakanika a m'dziko muno amawadziwa, ndipo nchito ingayambe pa mseu umodzi, monga Great East Road, nkuona m'mene iyendera asanapite pa wina. Basi imodzi ikafa zinzace zimapitabe. Eni maminibasi angathe kugwirizana m'makampani ndi kukhala eni ace a mabasi akuluwo, monga zinacitikira ku Johannesburg ndi mabasi a Rea Vaya amene anayamba mu 2009, ndipo maminibasi otsala angamatole anthu m'kati mwa makomboni kuwafikitsa pa mseu waukulu.

Palinso zinthu zosafuna nkhongole yaikulu: kukhazikitsa njira zodutsa m'mbali kuti si basi iliyonse ilowe pakati pa tauni, kukonza poima mabasi, ndi kupanga tinjira tabwino ta oyenda pansi ndi a njinga, amene ndiwo ambiri. Coposa zonse ndi kusunga malo. Dziko lingathe kudikira zaka khumi lisanagule sitima, koma malo oyalapo njanji akamangidwa nyumba, kuwaombola kumafuna kugwetsa makoma ndi kulipira eni ace. Phunziro la mzera wa Chilenje ndi George ndi lomwelo: madzi akatayika saoleka.

GAWO LA ANTHU A KUMIDZI

Tomato wa ku Chongwe, nyemba ndi nshawa za Kum'mawa, mbuzi ndi nkhuku zimene zimagulitsidwa ku Soweto Market, zonse zimapita m'miseu yomweyi, ndipo lole ikacedwa pa mzera, wogula amacotsa mtengo wa kucedwako pa mlimi. Wodwala amene watumizidwa ku cipatala cacikulu ca UTH amadutsa momwemo. Mwana wogwira nchito m'tauni akamataya gawo lalikulu la malipiro ace pa mabasi, cimene amatumiza kumudzi ca feteleza ndi yunifomu cimacepa. Koma ndi zoonanso kuti nkhongole yotengedwa mosaganiza bwino idzalipidwa ndi mlimi yemweyo, pa mtengo wa sopo, mcere ndi mafuta.

Ncifukwa cace anthu a kumidzi ayenera kufunsa aphungu ao a ku Nyumba ya Malamulo ndi makhansala mafunso atatu nkhaniyi ikafika pa msonkhano. Nchitoyo idzadya ndalama zingati, ndipo zidzabwezedwa motani? Adzaisamalira ndani otsegulira atabwerera kwao? Nanga mseu wa kumudzi, umene umabweretsa cakudya ca mzindawo, uli pati m'ciwerengero cimeneco? Lusaka sadzaleka kukula, ndipo tsiku lina adzayenera kunyamula anthu ace mwa njira yoposa ya lero. Mayankho a mafunso atatuwa ndiwo adzaonetsa ngati njirayo idzakhalitsa, kapena idzatsata UBZ ndi sitima ya Njanji.