Ma shock otha amadya phindu la wamalonda

Tomato wonyamulidwa bwinobwino kudimba akafika pa msika wa Liwonde ataphwanyika, ambiri amaloza chala msewu. Koma nthawi zina wolakwa amakhala pansi pa chishalo: ma shock a njinga yamoto amene anatopa kalekale.

Ku Machinga ndi ku Balaka njinga yamoto ndiyo yasanduka lole ya wamalonda wamng'ono. Imatuta mpunga ndi matemba kuchokera kunyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta kupita ku Ntaja ndi ku Nsanama. Ku Ulongwe ndi ku Phalula imasenza nandolo, thonje ndi makala. Njinga zambiri za kabaza ndi za 100cc mpaka 150cc, ndipo anazipangira anthu awiri ndi kachikwama. Matumba awiri a makilogalamu 50, kuphatikizapo woyendetsa ndi mwini katundu, ndi mtolo umene sipuling'i yake sanaipangire.

Shock ili ndi mbali ziwiri. Sipuling'i ndiyo imasenza kulemera, pamene oyilo wam'kati amaletsa njinga kudumphadumpha ikamenya dzenje. Oyiloyo akatha, tayala limasiya kugwira pansi, mabuleki amachedwa kuimitsa, masipoko amaduka ndipo mazira amathera panjira.

Kuyesa sikulira ndalama. Munthu akanikize kumbuyo kwa njinga mwamphamvu n'kusiya. Ikabwerera kamodzi n'kukhazikika, zili bwino. Ikapitiriza kunjanja, kapena ngati shock yanyowa ndi oyilo amene fumbi lamatirira, yatha ntchito.

Asanagule zatsopano, mwini njinga ayang'ane kaye kunsi kwa sipuling'i. Ma shock ambiri ali ndi mphete ya mano, kawirikawiri asanu, imene imazunguzidwa ndi sipanala. Kuikweza kumapanikiza sipuling'i kuti njinga isakhale pansi ikalemedwa. Mbali zonse ziwiri zikhale pa dzino lofanana. Muyeso wake ndi uwu: woyendetsa ndi katundu akakwera, njinga itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata umene shock imayenda.

Ngati kusintha sikungalephereke, wogula anyamule shock yakale popita ku shopu. Kutalika kwake kuchokera pa bowo lam'mwamba kufika pa lam'munsi kufanane ndi yatsopano, chimodzimodzinso kukula kwa mabowowo. Yaitali kwambiri imasokoneza kakokedwe ka tcheni ndipo imachititsa njinga kuvuta kuwongolera. Zigulidwe ziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi mabushi ake, chifukwa yatsopano ikaphatikizidwa ndi yakale njinga imapendekera. Wonyamula katundu tsiku ndi tsiku afunse za sipuling'i yokhuthala. Kutsogolonso kusaiwalike: mafoloko amafuna oyilo wakewake, osati wotsala mu injini, ndipo timphira totsekera oyiloyo tikayamba kudontha tisinthidwe msanga asanafike pa mabuleki.

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya ochokera kunja anakwera mtengo, ndipo ambiri amathamangira ma shock akale opakidwa penti. Otsika mtengowo amadula akatha pa mwezi umodzi. Nzeru ndi kufunsa mitengo m'mashopu angapo ku Liwonde ndi pa boma la Balaka, kapena kutuma mnzako wopita ku Limbe, komanso kupempha lisiti. Akabaza a pa siteji imodzi akasonkherana n'kugula pamodzi, amakhala ndi mphamvu yonenerera.

Chenjezo ndi lakuti shock yolimba siisandutsa njinga kukhala ngolo. Felemu, matayala ndi mabuleki zimakhala zomwezo, ndipo kuwotcherera shock yachitatu kapena kutalikitsa kaliyala kumangosamutsira vuto pa felemu. Katundu wolemera amangidwe pafupi ndi msana wa woyendetsa, osati kumapeto kwa kaliyala. Maulendo awiri amadya petulo wambiri, koma mtengo wake sungafanane ndi dengu la tomato lotayika kapena mwendo wothyoka mvula ikayamba kukumba misewu yafumbi.