Ulemu wa Mpando pa Nyengo ya Chisankho

Nkhani yathu lero tiyambira pa Limbuli, m'boma la Mulanje, pa mseu umene umachokera ku Limbe, kudzera ku Thyolo, n'kukathera pa chipata cha Muloza.

Tiyerekeze kuti chisankho chayandikira, ndipo anthu aŵiri ofuna mpando wa Pulezidenti akudzalankhula pamsikapo. Woyamba ndi wa chipani chotsutsa. Iye afika ndi galimoto zoŵerengeka, nanena zimene adzachite akadzapambana. Wachiŵiri ndi amene ali kale pampando. Asanafike n'komwe, apolisi atseka mseu, bwanamkubwa wa boma ndi mafumu akhala kale pansanja, ndipo mdipiti wa galimoto ukangoima, onse aimirira kuimba nyimbo ya fuko. Ulendo wakewo sutchedwa wokopa anthu ayi. Utchedwa woyendera chitukuko, ndipo mafuta ake alipira ndi msonkho wanu. Mayi wogulitsa nthochi pamenepo angasiyanitse bwanji mawu a Boma ndi mawu a chipani, poti zonse zituluka pakamwa pamodzi?

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya mtsogoleri wolamula. Mnzake amangolonjeza, iye amapereka. Amaika mwala wa maziko, amatsegulira mlatho, amagaŵa chimanga kwa ovutika ndi njala. Lamulo la mafumu la 1967 limampatsanso mphamvu yokweza mafumu, ndipo mfumu yokwezedwa, imene mswahala wake wakwera, siiŵala msanga amene anaikweza.

Mwambowu ngwakale. Achikulire akumbukira maulendo a Dr. Kamuzu Banda oyendera mbewu m'minda, amayi a Mbumba akuvina atavala nsalu ya nkhope yawo. Masiku amenewo panalibe wopikisana nawo, koma zipani zambiri zitabwerera mu 1993, atsogoleri otsatira sanautaye mwambowo. Makuponi a feteleza wotsika mtengo, amene anayamba mu 2005, anali ndalama za Boma, komabe m'midzi yambiri ankatchedwa mphatso ya a Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2009 iwo anapambananso ndi mavoti pafupifupi aŵiri mwa atatu alionse. Ngakhale wailesi ya Boma siingadzichotse m'nkhaniyi: oyang'anira zisankho ochokera kunja anadandaula kangapo kuti inkapereka nthaŵi yochuluka kwa chipani cholamula.

Malamulo alipo ndithu. Gawo 193 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa kugwiritsa ntchito chuma cha Boma pa zofuna za chipani, ndipo lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugaŵa mphatso pofuna kukopa ovota. Chovuta nchakuti Pulezidenti sasiya kukhala Pulezidenti pa nyengo ya chisankho. Thumba la chimanga limene wapereka kwa wamasiye, ndani angalumbire kuti ndi chithandizo cha Boma chabe, kapena ndi nyambo?

Koma akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ulemu womwewo umene umakometsa mtsogoleri umamsenzetsanso mlandu wa chilichonse chimene chalakwika. Dr. Banda anagonja kwa a Bakili Muluzi mu 1994. A Muluzi anapambananso mu 1999, koma mu 2014 Mayi Joyce Banda, amene anayenda dziko lonse akugaŵa chimanga ndi ng'ombe, anathera pa nambala yachitatu. Chisankho cha 2019, chimene a Peter Mutharika analengezedwa kuti apambana, khoti linachifafaniza pa 3 February 2020, ndipo pa chisankho chobwereza cha 23 June chaka chomwecho anagonja kwa Dr. Lazarus Chakwera. Pa 16 September 2025 zinatembenuka: Dr. Chakwera, ali pampando, anagonja kwa a Mutharika omwewo, pa nthaŵi imene mafuta a galimoto ankasoŵa ndipo mitengo ya zinthu inali itakwera kwambiri.

Tibwerere pa Limbuli. Mdipiti uja ukapita, apolisi atsegula mseu, nsanja iphwasulidwa, ndipo njinga zonyamula chimanga chochokera ku Milange, kutsidya kwa Mozambique, ziyambanso kuloŵa mumsika. Mayi uja apinda nsalu ya chipani imene walandira, natenga ndalama zake za nthochi kukafunsa kuti ndowa ya chimanga ili pa mtengo wanji lero.