Ana amene zotsatira za mayeso siziwawerenga

Zotsatira za mayeso zikatuluka ku Examinations Council of Zambia, makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amafunsa funso limodzi: pasukulu pathu akhoza angati? Funsoli ndi loyenera, koma limangowerenga ana amene anafika tsiku la mayeso. Amene anatsalira panjira saoneka papepala, chikhalirecho ndi iwo amene angatiuze zoona za sukulu ya boma ya kumudzi.

Anyamata amayamba kusowa akadali aang'ono. M'madera ano mnyamata amatumizidwa kukaweta ng'ombe za munthu wina kwa zaka zingapo kuti pomaliza apatsidwe ng'ombe yakeyake, ndipo kwa banja losauka phindu lake limaoneka ndi maso kuposa satifiketi. Akabwerera m'kalasi amakhala atakula, kuwerenga kukumuvuta, manyazi n'kumubweza kubusa. Atsikana amasowa pambuyo pake chifukwa cha mimba ndi ukwati. Kuyambira 1997 Zambia imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo lamulo la 2023 linaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale wa pamwambo. Koma lamulo silimulerera khanda iye ali m'kalasi. Palinso ana a kumidzi yakutali amene amachita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu, kudziphikira okha, Lachisanu n'kupita kwawo kukatenga ufa. Kuyerekeza sukulu ya ana otere ndi sukulu yogonera komweko ngati Chassa ku Sinda n'kulakwira aphunzitsi ndi ana omwe.

Ena anganene kuti nkhaniyi inatha mu 2022, pamene boma linachotsa fizi mpaka Giredi 12 n'kulemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Chimenecho chinali chinthu chachikulu, ndipo ana amene anasiya sukulu anabwereradi. Komatu kubwerera kwawoko kunadzaza makalasi ndi ana osiyana misinkhu ndiponso otsalira m'maphunziro, moti sukulu imene yawalandira ingaoneke ngati yatsika pamene ikugwira ntchito yaikulu kuposa kale. Chilala cha 2024 chinaonetsanso kuti mwana wogona ndi njala sasungidwa m'kalasi ndi kuchotsa fizi kokha.

Enanso angati mawu awa ndi pobisalira mphunzitsi waulesi. Ayi, kuwerenga ana onse kumamuulula msanga, chifukwa sukulu singadzitamenso ndi okhoza ochepa ofooka atathawa. Popeza maphunziro atsopano a Fomu 1 anayamba mu 2025, mphunzitsi wamkulu aliyense aziuza msonkhano wa makolo kuti analowa angati, anyamata ndi atsikana padera, atsala angati, ndipo osowawo ali kuti. Ziwerengero zomwezo zizifikanso kwa mafumu amene amasonkhana ku Mkaika mu Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, pakuti nyakwawa ndi imene imadziwa khola limene mnyamata akuweta ndi nyumba imene mtsikana wakwatiwako.