Bwalo limafiira, nanga buluu amatani?

Bullets ndi Wanderers zikamakumana, m'malo oonetsera mpira pa Migowi, ku Phalombe, anthu amagawikana malinga ndi malaya, ena ofiira, ena a buluu. Chimene ndikufuna tione n'chakuti mawu awiriwa salemera mofanana m'Chichewa.

"Ofiira" achokera ku mneni "kufiira". Mneni amayenda ndi nthawi: bwalo lafiira, lidzafiira Loweruka. Alinso ndi mvekero wake, "psuu", monga kuyera kuli ndi "mbee", kuda "bii", kubiriwira "biriwiri". Wa Maule akati "Kamuzu Stadium inali psuu!" wanena zonse, unyinji wa anthu ndi matama omwe.

"Buluu" ndi mawu obwereka ku Chingerezi, ndipo adalowa ngati dzina. Timangoti malaya a buluu, jezi ya buluu, monga timanenera "ya chikasu", lomwenso ndi dzina la chomera. Tayesani kunena kuti "bwalo labuluuwa", muona anzanu akuseka. Mvekero wake palibe. Ndiye wa Manoma amazungulira: "kunali buluu yekhayekha". Akuluakulu ena amati "obiriwira" kapena "amtambo", koma ku mpira "obiriwira" angakusokeretseni, anthu aganiza za msipu.

Brent Berlin ndi Paul Kay, m'buku lawo la mu 1969, adati zinenero zimayamba kutchula kuda ndi kuyera, kenako kufiira, buluu n'kubwera mochedwa. Mfundoyi ena amaitsutsa, koma pa Chichewa ine ndimaona kuti ikukhala bwino ndithu.

Maina a matimuwa asinthasintha potsata othandiza ndi ndalama: Bata Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, uku Limbe Leaf, MTL, Be Forward Wanderers. Koma wochemerera amagwiritsitsa mtundu wa timu yake kuposa dzina la pa chikwangwani.

Ku Phalombe buluu ali ndi katundu wina. Ndi mtundunso wa chipani cha DPP, chomwe Bingu wa Mutharika adayambitsa mu 2005, ndipo chili ndi otsatira ambiri m'bomali. Mukamva wina pa msika akuti "ife ndi a buluu", musafulumire. Mvetserani kaye ngati nkhani ili pa zigoli kapena pa mavoti.