Womasulira wa m'kati mwa kompyuta

Owerenga athu, nonse mukudziwa zimene zimachitika kuchipatala kapena kubwalo la milandu pamene wa boma akulankhula Chipwitikizi koma agogo amamva Chichewa chokha. Pamafunika womasulira. Lero tikuuzeni kuti nawonso makompyuta ali ndi owamasulira.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Yodziwika kwambiri ndi Windows, ya kampani ya Microsoft. Ina ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba ku Finland mu 1991 potengera ina yakale yotchedwa Unix. Ziwirizi sizimvana. Wofuna kuona mayina a mafayilo pa Linux amalemba ls, pamene pa Windows mawu ake akale ndi dir.

Akatswiri ambiri amakonda kulamula kompyuta polemba mawu otere chifukwa ntchito imafulumira. Lamulo la grep, mwachitsanzo, limapeza dzina la munthu mmodzi m'mafayilo ambirimbiri pa kanthawi kochepa. Nanga amene ali ndi Windows yokha atani?

Mu 1995 Steve Chamberlain, wa kampani ya Cygnus Solutions ku America, anayambitsa Cygwin. Ntchito yake ndi ya womasulira uja. Pulogalamu yochokera ku Unix ikapempha kanthu, monga kutsegula fayilo, Cygwin imatembenuza pempholo kuti Windows imve. Mu 2016 Microsoft nayo inatulutsa womasulira wake pa Windows 10, dzina lake WSL. Mu 2020 kunabwera WSL 2, imene m'malo momasulira imayendetsa Linux yeniyeni m'kati mwa Windows.

Makolo, apa pali phindu. Mwana wanu amene akuphunzira za kompyuta sayenera kukuvutitsani kuti mugulitse mbuzi kapena chimanga pofuna makina achiwiri. Cygwin ndi yaulere, ndipo kompyuta imodzi ikwanira kuphunzirira zonse ziwiri.

Koma chenjezo nali. Malamulo amenewa amafikanso pa mafayilo a Windows. Lamulo la rm limafufuta fayilo osaiponya m'dengu la zinyalala momwe munthu angaitolenso. Womasulira safunsa ngati mwaganiza bwino, iye amangopereka zimene mwanena. Choncho anyamata ndi atsikana, makamaka inu obwereka kompyuta ya kusukulu kapena ya mnzanu, sungani kaye mafayilo pamalo ena, ndipo werengani kawiri zimene mwalemba musanadine batani.