Anthu a cete pakati pathu: ndani amawamvera pa msonkhano?

Pa msonkhano uli wonse wa kopaletivu, kaya ndi ku Minga, ku Msanzala, ku Kacholola kapena kwa Ndake, pamakhala anthu anai kapena asanu amene amakamba kuyambira pemphero loyamba kufikira lotsiriza. Wapampando asanamalize kufunsa, iwo dzanja liri kale m'mwamba. Kumbuyo, pa benci la kukhomo kapena pa mphasa ya azimai, pamakhala ena amene amafika msanga, kumvetsera zonse, ndi kubwerera kwao osatulutsa liu. Mlembi amalemba kuti onse anagwirizana. Koma panjira yobwerera, njinga iri m'manja, ndi pamene mmodzi wa a cete aja amauza mnzake kuti masamu a matumba sanali kugwirizana, kapena kuti mbeu imene asankha siicita bwino m'dothi la mcenga. Pamenepo mapepala anasainidwa kale.

Anthu amenewa tiri nao maina ambiri. Tikakondwera nao timati ofatsa. Tikatopa nao timati amanyazi, osaceza, ogona. Tikakwiya timati onyada, ndipo nthawi zina timawachula dzina loipa koposa, limene tifikako kutsogoloku. Ife tikuona kuti ambiri a iwo alibe vuto liri lonse. Ndi kaganizidwe kao cabe, ndipo midzi yathu, mipingo yathu ndi makopaletivu athu akutaya nzeru ndi ndalama cifukwa cosadziwa kuwamvera.

Nkhaniyi siinayambe lero. Mu 1921 dokotala wa za maganizo wa ku Switzerland, Carl Jung, analemba buku logawa anthu monga mwa kumene mtima wao umayang'ana. Ena anawachula extravert, kutanthauza oyang'ana kunja, ndipo ena introvert, oyang'ana mkati. Woyang'ana kunja amaganiza pokamba. Mau amayamba kutuluka, nzeru zimabwera pambuyo kudzawakonza, ndipo akamva anzake akumutsutsa ndi pamene mutu wake umagwira bwino nchito. Woyang'ana mkati amayamba waphika nkhani mumtima, ndipo sapakula isanapse. Mukamudzidzimutsa ndi funso pagulu, amangoti "ndamva" kapena "tiona". Yankho lake leni-leni limamupeza mawa lake ali yekha kumunda, khasu liri m'manja. Onse awiri angapite ku cikwati cimodzi ndi kukondwera cimodzi-modzi, koma wina amabwerako ali ndi mphamvu zatsopano, pamene mnzake amabwerako wotopa ngati walima ndime ziwiri, nafuna kukhala payekha kuti apume.

Tisasokoneze zimenezi ndi mantha. Wamanyazi amafuna kukamba koma amaopa kusekedwa. Woyang'ana mkati angaime kutsogolo kwa mpingo kuwerenga mau popanda kunjenjemera, malinga anakonzekera. Cimene sakonda ndi kulimbirana mpata wokamba.

Kodi munthu amabadwa naco? Mbali ina, inde. Mu 1989 Jerome Kagan wa pa yunivesite ya Harvard ku America anayamba kupima makanda pafupi-fupi 500 a miyezi inai. Anawaonetsa zoseweretsa zowala, nawamvetsa mau ndi fungo zosazolowereka. Pafupi-fupi khanda limodzi mwa asanu ali onse linalira ndi kupalasa miyendo kwambiri. Powatsatira pamene anali kukula, anapeza kuti ana amenewa ndiwo kawiri-kawiri anakhala osamala ndi a cete pakati pa alendo, ngakhale si onse. Zingadabwitse kuti khanda lolira ndilo likhale la cete likakula, koma cifukwa cake n'comveka: thupi lao limamva zinthu mwamphamvu, motero amafika pa cacilendo pang'ono-pang'ono. Amai amene analera ana asanu ndi mmodzi safunika yunivesite kuti awauze izi. Amadziwa yemwe anali kuthamangira alendo ndi yemwe anali kuyamba wasuzumira ali kuseri kwa citenje.

Masiku ano ana athu a ku sekondale ndi ku koleji amayankha mafunso pa foni, kenaka n'kutiuza kuti "ine ndine INTJ" kapena "ndine INFP". Zilembo zimenezi zinacokera kwa Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Myers a ku America, amene m'zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatenga maganizo a Jung napanga mafunso ogawa anthu m'mitundu 16. Cilembo coyamba, I kapena E, ndico ca nkhani yathuyi. Sitikuletsa mwana kudzidziwa. Koma akatswiri anaona kale kuti anthu ambiri akabwereza mafunso omwewo patapita masabata owerengeka amapeza zilembo zina, ndiponso kuti anthu oculuka ali pakati, osati kumapeto. Jung mwini wake sanakhulupirire kuti kuli munthu wa mbali imodzi yokha. Conco zilembo zisakhale ngati mfunda kapena ciwongo cimene munthu amafa naco, ndipo zisakhale cifukwa cokanira kupita kumaliro kapena kupereka moni kwa apongozi.

Kuno kwathu nkhaniyi iri ndi mfundo ina imene mabuku a kunja saidziwa. Mwambo wathu umaphunzitsa cete. Mkamwini amene ali pa mudzi wa mkazi wake sakamba-kamba pamaso pa apongozi. Namwali amalangizidwa kusayankha akulu. Mlendo pamudzi amayamba waona kumene mphepo ikupita. Motero pa benci lakumbuyo lija pali cete wa mitundu iwiri: wa cibadwa, ndi wa munthu amene ali ndi mau pakamwa koma malo ake samulola. Mai wamasiye amene amalima yekha mahekitala awiri angakhale wokamba kwambiri pa mjigo, koma pamaso pa anyakwawa ndi alangizi a zaulimi amangoyang'ana pansi. Wapampando wanzeru amasiyanitsa awiriwa, cifukwa wina afuna nthawi, wina afuna cilolezo.

Codabwitsa n'cakuti mwambo womwewo umalemekeza womvetsera. Pa bwalo la milandu mfumu siiyamba kukamba. Imamvera wodandaula, woyankha, mboni ndi nduna, ndipo imatsegula pakamwa potsiriza. Palibe amene amati mfumuyo ndi yogona. Nanga bwanji tikafika pa masankho a komiti timathamangira amene wakamba kwambiri?

Funso limeneli liri ndi ndalama mkati. Kucokera mu 2002, pamene boma linayambitsa pulogalamu ya feteleza wocipa, imene mu 2009 inasintha dzina kukhala FISP, mlimi wamng'ono wakhala akudalira kopaletivu kapena gulu la alimi kuti dzina lake lilowe m'kaundula. Pamwamba pa izo pabwera magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, a SILC m'maparishi ndi ma village bank m'misika. Magulu onsewa amafuna wapampando, mlembi ndi msungicuma. Ndipo tonse tidziwa mmene masankho amayendera: amene anaimirira kasanu pa msonkhano ndiye amachulidwa coyamba, ena n'kuomba m'manja. Kukamba bwino ndi mphatso, ndipo gulu limafuna munthu wokaimirira ku ofesi ya boma popanda kubwerera m'mbuyo. Koma kusunga buku la ndalama ndi mphatso ina. Kumafuna munthu wokhala pansi madzulo kuwerengera kawiri, wosacita manyazi kuona kuti K50 yasowa, wosakonda kukondweretsa aliyense. Anthu otere kawiri-kawiri ali pa benci lakumbuyo.

Ngakhale pa upampando weni-weni, wa cete asapeputsidwe. Mu 2011 Adam Grant ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'masitolo ogulitsa cakudya ku America. Kumene anchito anali ongodikira kuuzidwa, mtsogoleri wokamba-kamba anabweretsa phindu loculuka. Koma kumene anchito anali obwera ndi nzeru zao, phindu linaculuka pansi pa mtsogoleri wa cete, cifukwa iye anali kumvera ndi kuwasiya ayese. Kopaletivu ya alimi akulu-akulu, aliyense wodziwa dothi lake, ifanana ndi gulu laciwirili.

Dziko lathu linaphunzirapo kale za kuweruza munthu ndi lilime. Levy Mwanawasa, amene anavulala pa ngozi ya pamseu mu 1991, anali kukamba mocedwa, ndipo otsutsana naye anamupatsa dzina la kabichi. Analamulira kucokera mu 2002 kufikira imfa yake mu 2008, ndipo m'nthawi yake, mu 2005, Zambia inakhululukidwa gawo lalikulu la nkhongole zakunja. Sitikunena kuti iye anali wa mtundu uwu kapena uwo. Tikungokumbutsa kuti amene anapima mutu wake ndi liwiro la pakamwa anapima molakwa.

Tsopano dzina loipa lija. M'midzi yathu, kucokera ku Luangwa kufika kumalire a Mozambique, munthu wokonda kukhala yekha sacedwa kukaikiridwa. Sapita ku mowa, sakhalitsa pa nsolo, amalawirira kumunda, ndipo nkhokwe yake imadzala pamene za anzake ziri theka. Pakagwa maliro a mwana, maso amayamba kutembenukira kwa iye. Akakhala nkhalamba yopanda ana pafupi, ndiye zatha. Koma taganizani bwino. Munthu amene amathera nthawi m'munda osati pa bwalo ndiye amayamba kuona mbozi zikulowa m'cimanga, monga zija zinatipeza kumapeto kwa 2016. Ndiye amakumba maenje a ulimi wosunga cinyezi m'cilimwe anzake akali kuceza. Zokolola zake ziri ndi cifukwa cooneka ndi maso. Tikumbutsenso kuti lamulo la dziko lino, Witchcraft Act, Cap. 90, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wocita zimenezo angazengedwe mlandu. Akulu a mpingo ndi anyakwawa asadikire kuti nyumba iyake moto ndi pamene akambe.

Pali cete wina amene sitiyenera kumulekerera. Ngati munthu amene anali woceza wasiya mwadzidzidzi, sakudya, sagona, wasiya munda ndi kusamba, kapena akukamba zakuti kuli bwino kufa, cimeneco si cibadwa. Angakhale akudwala matenda a maganizo, ndipo matendawa ali ndi thandizo. Cilala ca 2024 cinasiya ambiri ndi nkhongole ndi nkhokwe zopanda kanthu, ndipo amuna maka-maka amabisa. Mutengeni apite ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ku Petauke kapena ku Nyimba. Si onse otere amene amatumizidwa ku Chainama. Wa cete wacibadwa mumamudziwa cifukwa ndi mmene analiri kuyambira kale, ndipo nchito yake ikuyenda.

Zofunika kusintha pa misonkhano yathu si zazikulu, ndipo sizifuna ndalama. Nkhani zokambirana zilengezedwe pa Sondo, kuti woganiza mocedwa abwere ataphika kale. Nkhani ikakhala ya ndalama kapena ya maina a olandira feteleza, isathe tsiku lomwelo. Igone, anthu akakumanenso. Gulu la anthu 60 ligawidwe m'timagulu ta asanu kapena asanu ndi mmodzi, azimai paokha ngati kufunika, cifukwa amene sangakambe pamaso pa khamu amakamba bwino-bwino pamaso pa anai. Masankho acitike pa kapepala, osati poimika manja pamene wopikisana ali kukuyang'anani. Akatolika akumbuke kuti pamene maepiskopi a m'cigawo cino ca Africa anagwirizana za miphakati m'zaka za 1973 ndi 1976, colinga cinali cakuti mpingo ukhale waung'ono kuti aliyense adziwike ndi kumveka. Mphakati umene munthu mmodzi amalalikira ola lathunthu wasanduka chalichi caciwiri. Ndipo wapampando akafunsa funso, aphunzire kudikira. Kamphindi kaja kamene aliyense ali phee sikatanthauza kuti msonkhano wafa.

Aphunzitsi ndi makolo, mwana amene saimika dzanja musafulumire kumucha mbuli. Onani kope lake coyamba.

Koma nanunso a cete tiri nanu mau. Makolo anati cete-cete sautsa nyama. Kuona colakwa pa msonkhano n'kukacinenera panjira sikuthandiza gulu, ndipo matumba akasowa mudzalira pamodzi ndi ena onse. Simufunika kusanduka munthu wina. Ngati kuimirira pagulu kukulemerani, lembani funso lanu pa kapepala mupatse mlembi msonkhano usanayambe. Kapena pitani kwa wapampando dzulo lake mukambe muli awiri. Kapena pemphani mnzanu wa pakamwa popepuka kuti akuyambireni, monga Aroni anali kukambira Mose, inu mudzangoonjezera masamu. Ndipo akakuchulani pa usungicuma, musakane msanga ndi mau aja akuti "ine sindidziwa kukamba". Funsani coyamba kuti buku la caka catha liri kuti, ndipo ndani analisaina.